Ndowa Nambala 17

Garnet Creek, Tasmania
5 Disembala 1987

Raelene mwana wanga,

Uli bwanji kumeneko ku Geelong? Nanga mwamuna wako Warwick, m'mimba muja munasiya kumuvuta? Ine ndilipo, bondo lokha ndi limene likundinyoza. Usadabwe ndi zilembozi. Si za amayi ako, chifukwa chake ukuchidziwa, ndipo si zanga, paja ine cholembera ndimachigwira ngati mpeni wodulira nthambi. Akulemba ndi Glenys, pa kauntala ya golosale yake, pakati pa sikelo ndi botolo la masiwiti. Ndamuuza alembe zonse mmene zikutulukira m'kamwa. Akuti mapepala ake sakwana. Ndati atenge okulungira buledi.

Kalata yako ija anandiwerengera kawiri. Za chipinda cha ku nyumba ya okalamba ndamva, chija cha windo loyang'ana kunyanja. Za anthu olima mphesa amene akufuna kugula munda wathu ndamvanso. Ndikuuze zoona, ndinatsala pang'ono kuvomera. Chimwalirire amayi ako mu Januwale, m'munda wa matcheri ndinkalowamo ndi miyendo yokha. Maukonde otchinga mbalame ndinawakoka chifukwa manja anazolowera basi. Ndinauza Glenys kuti chaka chino sititsegula, anthu a m'tauni akathyole kwina. Iye anangopukuta kauntala yomwe inali youma kale.

Ndiye tamvera izi. Lachitatu m'mawa ndikutsegula chitseko, ndangoona pakhonde pali ndowa. Nambala 17. Ya amayi ako, ija yopindika pakamwa pamene thirakitala inaiponda. Ndowa imeneyo inasowa tsiku limene anagwa m'munda, ndinaifunafuna mpaka kuvuula m'damu ndi mtengo. Inali yodzaza matcheri. Ndipo si kuthyola kwa anthu a m'tauni, amene amazula chipatso ngati akuchotsa nkhupakupa pa galu. Awa onse anali ndi timichira tawo, awiriawiri, opanda tsamba ngakhale limodzi. Ndinakhuthula, ndowa n'kuisiya pakhonde. Pofika masana palibe. Lachinayi yabweranso yodzaza. Lachisanu chimodzimodzi. Ndinangovula chipewa n'kunena kuti, Noeline, ndamva, usachite kundikalipira katatu.

Tikutsegula Loweruka likudzali, pa 12.

Zonse zikhala mwa kale. Ndowa anthu azitengera kuno ku golosale. Paja unkaseka kuti ndi nzeru yanji kusunga ndowa makilomita awiri kuchokera kumunda. Inali nzeru ya amayi ako, chaka chimene sitolo yaikulu ija inatsegulidwa ku Huonville, anthu n'kuyamba kudutsa pano ngati akudutsa pamanda. Anati wofuna matcheri athu aime kwa Glenys kawiri, potenga ndowa ndi poyezetsa zimene wathyola. Munthu waima kawiri, ana atatu m'galimoto, dzuwa likuswa mtengo, angachoke wopanda ayisikilimu ndi mapayi? Masabata anayi amenewa ndi amene amagwira chitseko cha Glenys kuti chisatsekeke mpaka chaka chinacho. (Apa sakunama. G.)

Ndowa ijatu si yachilendo kwa iwe. Agogo ako anaiika pamapazi pa amayi ako osanena kanthu, amayi ako n'kuitola, ndipo kuyambira tsiku limenelo munda unali m'manja mwawo, ine n'kungokhala wonyamula makwerero. Nawonso anaiika pamapazi pako uli ndi zaka 19. Unailumpha n'kukakwera basi. Sindikudzudzula ayi, ndikungokumbuka. Unavala nsapato zofiira.

Bwera pa Khirisimasi. Ndiuze ngati Warwick amadyabe nyama ya nkhumba kapena adokotala anamuletsa.

Ndine bambo ako,
Mervyn Direen, chizindikiro chake X


Geelong
13 Disembala 1987

Ababa,

Moni. Tonse tili bwino. M'mimba mwa Warwick mulibe vuto, vuto ndi mowa umene sakufuna kusiyana nawo. Pa Khirisimasi sindibwera, andiika pa ntchito kuchipatala masiku onse atatu.

Ababa, ndikulankhulani mosabisa chifukwa ndimakukondani. Amayi anamwalira. Ndinawapesa tsitsi ndekha asanatseke bokosi. Ndowa siyenda yokha, pali munthu akuinyamula.

Mu Ogasiti munagwa pa makwerero n'kugona pa udzu wonyowa maola atatu, wokupezani ndi wa positi. Ketulo mwaotcha ziwiri. Muli ndi zaka 77 ndipo pafoni simumva. Ine kuno sindipeza mtendere, foni ikalira mtima umangoti phwii.

Anthu a mphesa adikira mpaka Lolemba pa 11 Januwale. Chipinda chija achisunganso mpaka tsiku lomwelo, likadutsa apatsa wina. Mapepala ndaika m'kalata muno. Muike chizindikiro chanu pamene ndachonga ndi pensulo, Anti Glenys akhale mboni. Thyolani matcheri a chaka chino ngati mukufuna, koma akhale omaliza.

Anti Glenys, ndikudziwa kuti ndinu mukuwerenga. Muwerenge zonse, musadumphe mzere.

Mwana wanu,
Raelene


Garnet Creek
20 Disembala 1987

Raelene mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa womwa mowayo. Glenys anawerenga zonse, sanadumphe, anachita kukweza mawu pa nkhani ya ketulo kuti ogula buledi amve. Mapepala ako ali bwino, ndawatsindira ndi chitini cha shuga.

Anthu abwera, mwana wanga! Magalimoto mpaka pa mlatho. Mabanja aja amene ankabwera ali ana tsopano akubwera ndi ana awo, pakamwa pofiira ngati apha nkhosa ndi mano. Ndimawauza mwa kale kuti potuluka tiyeza mwana, osati ndowa. Amasekabe, ngakhale nthabwalayo ndi yakale kuposa iwe.

Mzere wakudamu ndinaumangira chingwe. Ndi kumene anagwera amayi ako, kumapeto kwenikweni, ndipo sindinafune ana azithamangako. Mitengo ilipo 29. Inali 30, wina unauma chaka chimene unabadwa.

Tsiku lotsegulira Glenys anapereka ndowa 31. Zobwerera zinali 32. Anawerenga katatu. Yapamwamba pa sikelo inali 17, yodzaza, ndipo palibe anaona woiikapo. Chiyambire tsiku limenelo sinaphonye.

Lachiwiri kunabwera mayi wina wa ku Hobart, magalasi akuda aakulu ngati maso a ntchentche. Akutuluka pachipata anandiima pamaso.

"Bambo, mayi uja wa chipewa cha udzu ndi mkazi wanu? Koma ndiye ndi waukali!"

Ndinati, "Wakutani?"

"Wandimenya padzanja! Akuti, mama, potokola kamchirako, usakoke, ukuthyola pobereka pa chaka chamawa. Ngati ndine mwana wa sukulu."

Mwamuna wake n'kuseka. "Wakuchita bwino. Ine zaka khumi ndikulephera."

Kamtsikana kawo kanandionetsa ndowa. Pansi panali zonyenyeka zothyola iko komwe, pamwamba ponse awiriawiri, ndi timichira. Kanati, "Agogo aja andithandiza. Koma sanafune kutuluka pa chingwe."

Ndinawauza kuti inde, ndi mkazi wanga, amukhululukire, ndi mmene alili.

Anthu atapita ndinadumpha chingwe. Mitengo inayi ya kumapeto inali yothyoledwa yonse, mpaka kunsonga kumene ngakhale ine sindifikako. Pansi popanda chipatso chogwa, udzu wosapondedwa. Makwerero anga aja a miyendo itatu, amene ndinasiya m'shedi, anali atatsamira mtengo wachisanu. Mtengo umodzi tsiku lililonse, kuchokera kudamu kubwera kuchipata. Lero watha wa nambala 9. Yatsala 20.

Tsopano ndikuuze chinthu chimene sindinauze munthu. Glenys, lemba, usandiyang'ane. Ukukumbuka mmene tinkatsekera? Folo koloko, anthu onse atuluke, amayi ako ayende mizere yonse komaliza kuona ngati mwana wina sanagone pansi pa mtengo. Ine pachipata ndimenye mkombero uja wachitsulo wa tayala la thirakitala n'kukuwa kuti, "Kwatsala ndani m'katimo?" Iwo n'kuyankha, "Ndine ndekha, mdala iwe, dikira ndimalize mtengo uno!" Akatuluka ndiye ndimange ukonde. Zaka 44, sitinaphonye.

Tsiku limene anagwa, a ambulansi anadula ukonde chakudamu n'kuwatulutsira komweko, poti kunali pafupi ndi msewu. Ine pochokera kuchipatala ndinasoka pong'ambikapo, ndinabwera pachipata, ndinamanga. Sindinamenye chitsulo. Sindinaitane. Ndinamutsekera m'kati, Raelene. Mkazi amene sanatulukepo m'munda umenewo osaitanidwa.

Chaka chino chitsulo ndikumenya, koma kuitana ndikulephera. Ndikuopa kuti ayankha. Ndikuopanso kwambiri kuti sayankha.

Utumize chithunzi cha mtengo wanu wa Khirisimasi, Glenys akufuna aone ngati ndi wapulasitiki.

Bambo ako,
Mervyn, X


Geelong
22 Disembala 1987

Anti Glenys,

Iyi ndi yanu nokha, musawawerengere Ababa. Chilembere pa 13 sindinalandire yankho, ndiye ndakhala ndikuganiza.

Pa chigwa chonsecho anthu othyola matcheri awiriawiri osadula tsamba analipo awiri. Anaphunzira limodzi ali atsikana, m'munda wa agogo. Mmodzi tinamuika m'manda. Winayo amabweretsa mkaka pakhonde la Ababa m'mawa uliwonse, n'kudutsanso chakumasana ndi nyuzipepala.

Ndikudziwa kuti popanda munda wathu golosale yanu siiona Isitala. Zikundimvetsa chisoni, ndinakulira pa kauntala imeneyo, masiwiti anga oyamba munandipatsa ndinu. Koma kusewera ndi mutu wa nkhalamba yoferedwa kuti mugulitse ayisikilimu? Amayi ankakutchani mchemwali wawo. Lekani. Muwauze zoona, ndipo muwathandize kuika chizindikiro pa mapepala. Mukapanda kutero ndiwauza ndine.

Raelene


Garnet Creek
29 Disembala 1987

Raelene,

Ndalandira dzulo. Ndinakwiya, ndinakazinga mazira mpaka kupserera, kenako ndinakhala pansi. Wanena zoona, koma theka lokha.

Ndowa ndinaitenga ndine tsiku limene Noeline anagwa. Ndinaipeza itagubuduka pa udzu, sindinathe kuisiya pomwepo ndipo sindinathe kuipereka kwa bambo ako. Inakhala pansi pa kauntala miyezi khumi ndi umodzi. Atanena kuti satsegula, ndinaidzaza ndi matcheri a mtengo wanga wa kuseri kwa golosale n'kukaiika pakhonde, masiku atatu. Inde, ndinaganizira golosale, sindikana. Koma ndinaganiziranso munthu amene ankamwa tiyi ali chiimire, atavala malaya omwewo sabata yonse. Ndinafuna adzuke. Anadzuka. Pamenepo ndinasiya, ndowa ndinaitsuka n'kuikhomera m'chipinda cha katundu. Kiyi ndimavala m'khosi.

Za kuyambira pa 12 si ine. Ndi chiuno changachi sindingakwere makwerero, ungafunse aliyense. Tsiku lililonse ndimaikhomera, tsiku lililonse chakumasana ili pa sikelo. Loko amakhala ali chikhomere.

Pa Khirisimasi munda unali wotseka, golosale yotseka. Ndinali kuseri ndikudya nyama yozizira ndi mbatata, wailesi ikuimba nyimbo za kutchalitchi. Cha m'ma 2 koloko kabelu ka pachitseko kanalira. Chitsekocho ndinachikhoma ndekha. Nyenje zonse panja zinangoti zii nthawi imodzi, ngati wina wazitseka pakamwa. Ndinapita ndi foloko m'manja, ndine wopusa. Ndowa inali pa sikelo, muvi ukugwederabe. Matcheri anali otentha ndi dzuwa.

Sindiwagulitsa. Ndimapatsa bambo ako, ndipo amadya onse. Mapayi amene ndimawatumizira akubwerera osalumidwa. Sakudyanso china.

Tsopano amakhala pa mpando pachipata tsiku lonse, nkhope kuloza mzere wakudamu. Lero kwatha mitengo 18, yatsala 11. Tenga kalendala uwerenge wekha kuti womaliza ugwera tsiku liti. Ine ndinawerenga, ndipo ndinakhumba ndikanapanda kuwerenga. Pa 9 Januwale, tsiku lomwe Noeline anagwa.

Za mapepala ndinayesa. Anandiuza kuti ndibwezere chitini cha shuga pamalo pake. Golosale itsekedwe ngati ikutsekedwa, ndakalamba ine. Koma iwe bwera. Udzanditukwane pamaso, bola ubwere.

Glenys


Garnet Creek
3 Januwale 1988

Raelene mwana wanga,

Chaka chabwino kwa inu nonse. Sukuyankha, koma ndikudziwa kuti positi ya nyengo ino imayenda ngati ng'ombe yodwala, ndiye sindikudandaula.

Glenys waulula za ndowa zitatu zoyambirira. Analira, mphuno kufiira ngati tcheri. Ndinaseka mpaka chifuwa. Ndinati, Glenys, ukuyesa ine sindidziwa matcheri a mtengo wako? Owawasa ngati apongozi aakazi! Ndinadziwa pa loyamba lomwe. Koma ndinati ngati mayi wa chiuno chothyoka wachita kukwera pa mpando chifukwa cha ine, ndiyenera kudzuka. Mwinanso ndi zimene zinamudzutsa Noeline, kumva kuti wina akugwiritsa ntchito ndowa yake. Sankabwereketsa ndowa imeneyo ngakhale kwa abusa.

Yatsala isanu ndi umodzi. Tsopano ndili pampando ndimamva makwerero akulira, kweee, mmene amalirira munthu akafika pa sitepe yachinayi. Masamba amagwedera mtengo umodzi wokha, ina yonse ili duu, kopanda mphepo. Zinkhwe zimene zimakhala pamwamba pa ukonde kufunafuna pobowoka sizitera pamwamba pa mtengo umenewo. Dzulo ndinamva kanyimbo kaja kamene ankaimba ndi mphuno, kopanda mawu, kamene unkati kamakuchititsa manyazi pamaso pa anzako. Sindimuona. Ana ndi amene amamuona, ndi anthu osamudziwa. Mwina akundisungira.

Usachite mantha, mwana wanga, chifukwa ine mantha atha. Ndaganiza bwinobwino. Munthu akuyenda mtengo ndi mtengo kubwera kuchipata, ndipo pachipata pamakhala ndani? Ndine. Akubwera kudzanditenga. N'zoyenera, ndinamusiya yekha chaka chathunthu pa dzuwa ndi pa chisanu. Loweruka ndiitana.

Suti yanga ya ukwati ndaitulutsa, ndaiyanika pakhonde kuti fungo la mankhwala a njenjete lichoke. Buluku likukwana, m'chiuno mwachita kutsala malo. Galu apite kwa Glenys. Mipeni yodulira nthambi upake mafuta usanaisunge. Mapepala ako sindinaike chizindikiro, usakwiye. Ndikuona kuti pofika pa 11 nkhani ya chipinda choyang'ana kunyanja ikhala itatha yokha, munda udzachita nawo mmene ukufunira. Ndikungopempha kuti ukamagulitsa udzaime kaye pa golosale, umuyang'ane Glenys m'maso.

Unali mwana wabwino. Nsapato zofiira zija zinkakukhala.

Bambo ako,
Mervyn, X

(Wandikakamiza kulemba zonsezi. Ukhululuke zilembozi. G.)


Geelong
7 Januwale 1988

Ababa,

Makalata atatu afika lero nthawi imodzi, awiri anu ndi ya Anti Glenys. Ndawerenga ndili chiimire pa geti. Ndege ya mawa yadzaza, ndapeza ya Loweruka m'mawa. Mwina ndifika kalatayi isanafike, komabe ndikulemba chifukwa manja akufuna chochita.

Musaitane ndisanafike. Idyani chakudya chenicheni. Sutiyo bwezerani m'kabati.

Anti Glenys, pepani. Muwagwire malaya ngati kuli kofunika.

Raelene


Garnet Creek
11 Januwale 1988

Warwick mkamwini wanga,

Moni. Usadzidzimuke, amene akulankhula ndi wamoyo. Ndikudziwa kuti sindinakulemberepo chikwatire mwana wanga, ndipo iwe sunandilembereponso, ndiye tafanana. Mkazi wako wati akulembera mawa. Wanena zimenezo dzulonso. Ndiye ndati ndikuuze ndine, poti ukuyenera kudziwa chifukwa chake ndege ya lero ibwera yopanda iye. Khala pansi, botolo uike patali.

Loweruka kunatentha moti phula linkamata ku nsapato. Linali tsiku lomaliza, anthu anadzaza ngati pa mpira. Ine ndinali pachipata mu suti, tayi ndi zonse, ndevu zometa. Anyamata ena a ku Kingston ankandifunsa ngati ndikukwatira. Ndinati ndikubwereza.

Raelene anafika cha m'ma 3 koloko pa galimoto ya buledi, poti basi inamusiya ku Huonville. Nsapato zoyera za kuchipatala, chikwama m'khwapa, mapepala ena atsopano ali m'menemo, ndi cholembera chomwe. Sanandipatse moni n'komwe.

"Ababa, mwavala chiyani? Mukufuna kufa ndi kutentha kuti munene kuti munalosera?"

Ndinati, "Waonda."

Anati, "Inu ndiye mwatha."

Kenako anandikumbatira mpaka tayi kupindika.

Folo koloko anthu anatuluka. Glenys anatseka golosale masanasana, koyamba pa zaka 31, anasiya anthu pamzere ndi ndowa zawo n'kubwera ndi ndodo yake. Tinaima atatu. Mtengo womaliza wa mzere wakudamu uli masitepe khumi kuchokera pachipata. Makwerero anali pamenepo. Nthambi imodzi yokha ya pamwamba ndi imene inali ndi zipatso, ndipo inkawerama pang'onopang'ono n'kubwerera, kuwerama n'kubwerera.

Raelene anati ndi mphepo. Glenys anamuonetsa tsitsi lake lomwe, silinkagwedera.

Ndinamenya mkombero. Ndinatsegula pakamwa. Warwick, ine amene anthu amathawa pa golosale chifukwa cha kulongolola, mawu anakana.

Mkazi wako anandilanda chitsulo. Ukumudziwa akakwiya, khosi limatuluka mawanga. Anati, "Bweretsani. Ndikuonetsani kuti mulibe munthu, kenako muika chizindikiro, tikwere ndege." Anamenya kamodzi, mwamphamvu moti zinkhwe zonse zinauluka. Ndiye anakuwa ngati akukalipira wodwala wothawa pabedi:

"Kwatsala ndani m'katimo?"

Nyenje zinasiya. Galu anagona pansi, mutu pakati pa miyendo. Makwerero analira, kweee, kenako sitepe yachitatu, yachiwiri.

"Ndine ndekha. Ndamaliza."

Osati mokuwa ayi. Mmene munthu amayankhira ali chipinda chinacho. Tonse atatu tinamva. Glenys ali pano akugwedeza mutu movomereza, ndipo iye sanavomerezepo nkhani yanga ngakhale imodzi chibadwire.

Ukonde wa pachipata unakwezeka wokha, kufika msinkhu wa munthu wamfupi wovala chipewa. Ndinaimirira bwinobwino, ndinapinda mkono mmene ndinachitira pa khomo la tchalitchi mu 1943. Ndinatseka maso. Ndinamva fungo la sopo wake, uja wachikasu wochapira. Chinachake chinandigwira tayi, n'kuiwongola, n'kundisisita kawiri pachifuwa mmene amachitira munthu pochotsa fumbi. Basi. Anandidutsa, mkamwini. Ine nditameta ndevu, nditagawa galu!

Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka ngwee.

Ndowa inali pamapazi pa Raelene, yakhudza nsonga za nsapato zoyera zija. Nambala 17. Yopanda kanthu, yotsuka.

Ndinaona phazi la Raelene likudzuka, ndithu linadzuka, mmene linadzukira ali ndi zaka 19. Linakhala m'mwamba nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi theka la kapu. Glenys ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Kenako phazi linabwerera pansi, mbali yomweyi. Raelene anawerama. Anaitola.

Anangoti, "Chogwirira chikutentha." Ndiye analira, chikwama chili pa udzu, mpaka dzuwa kupendeka.

Nyenje zinayambiranso. Ine njala inandigwira yoopsa, ndinadya mapayi atatu nditavala suti.

Lero m'mawa anthu a mphesa anabwera, awiri, malaya oyera, galimoto yonyezimira. Raelene anakumana nawo pachipata ndowa ili m'manja. Anawauza kuti matcheri atha, abwere mu Disembala, ndipo asaiwale kuima kwa Glenys kuti atenge ndowa ngati wina aliyense. Chipinda choyang'ana kunyanja apatse wina amene amakonda nyanja. Mapepala aja Glenys wayala pansi pa mazira. Akuti aitanitsa firiji yatsopano ya ayisikilimu. Ndamuuza ayambe wadula mtengo wake wowawasa uja. (Sindidula. G.)

Tsono zofunika ndi izi. Utumize majombo ake, majuzi, ndi kalata ya kuchipatala imene akuti ili pamwamba pa firiji. Iwenso ubwere. Ntchito ilipo, maukonde akufunika kupinda, ndipo mowa wa kuno ndi wotchipa, Glenys sakongoza koma amamwetulira.

Chinthu chimodzi chokha, ndipo Glenys akuti ndisanene, koma kalata ndi yanga. Dzulo Lamulungu Raelene anati ayende mizere yonse komaliza tisanachotse maukonde, mwina wina anataya chipewa kapena nsapato ya mwana. Anapeza chipewa cha udzu chitakoleka pa makwerero, anachivala poti dzuwa linali loopsa. Folo koloko ndinamenya chitsulo, ndipo ulendo uno mawu anatuluka bwinobwino. Ndinati, kwatsala ndani m'katimo?

Anayankha chakudamu. "Ndine ndekha, mdala iwe, dikira ndimalize mtengo uno!"

Mawu anali a Raelene, sindikukayika. Koma mwana wanga chibadwire sananditchulepo mdala, ndipo sanandinenepo kuti iwe. Komanso mtengo woti amalize kulibe, yonse ndi masamba okhaokha. Atatuluka ndinamufunsa. Anandiyang'ana modabwa, akuti anangoyankha kuti akubwera. M'ndowa munali matcheri okwana manja awiri, sindikudziwa anawapeza kuti. Awiriawiri, ndi timichira.

Ndi wosangalala, akudya bwino, akuimba ndi mphuno potsuka mbale. Ine sindikudandaula kanthu. Koma ubwere msanga, mkamwini, udzamuyang'ane wekha, iwe amene umamudziwa. Ine maso anga akalamba, ndipo akaima pa dzuwa ndi chipewa chija, sindifunsanso kuti ndi ndani.

Apongozi ako,
Mervyn Direen, X